Nambala ya Pakhoma: Gawo Lachinayi

Uthenga wa Mzime unandipeza Lachitatu madzulo ndili chogwada pakapeti, ndikusisita mapazi a agogo ndi mafuta. Munali zithunzi ziwiri. Choyamba chinali lisiti la kubanki: R14,000, theka la ndalama yonse, yalowa. Chachiwiri chinali chikalata cha mu felemu yagolide chopachikidwa pakhoma, chija ndinakhala ndikumuumiriza sabata yathunthu kuti akachijambule. Pansi pake analemba kuti, "Nayo satifiketi yanu ija, asisi. Tsopano mundisiye ndipume. Loweruka ndikulowa."

Kwathu ku Ntcheu palibe amamuitana dzina lake la paubatizo. Ndi Mzime basi, poti ndiye anatseka mimba ya amayi, ndipo mzime mumamudziwa, chimene wafuna wafuna. Ndine ndinamuitanitsa kuno ku Joni. Ndine ndinakamudikira pa Park Station jekete lili m'manja, chifukwa anafika mu June atavala kabulauzi kopyapyala, mano akugogoda. Amayi pa foni tsiku limenelo sanachulutse mawu. Anangoti mwanayo ali m'manja mwako. Lero mwana uja ndi mayi wa ana awiri, onse obadwa pa opaleshoni, ndipo ndalama za chipereganyu za chaka chonse wazilonjeza kwa munthu wa pa Instagram kuti amuchepetse khungu la pamimba, amupope mafuta, akawaike kumbuyo. Atsikana a ku saluni amangoti BBL, ngati dzina la sopo.

Sindimuweruza ayi. Ndinalipo tsiku limene alamu anaseka pamaso pa alendo kuti akazi awo akuoneka ngati ali ndi pakati pachitatu. Alendo anaseka, mwini wake anasekanso, kenako anakatha theka la ola kubafa mpopi uli chotsegula.

"Wasiya phazi langa m'malere," anatero agogo. "Kwagwanji?"

Agogo awa si anga obereka. Ndi mayi wachikulire amene ndimamusamalira ku Linden, zaka 79, miyendo inakana koma mutu udakali mpeni. Anagwira unamwino wa ku fiyeta zaka makumi atatu, zambiri mwa izo pa Baragwanath ku Soweto, ndipo mpaka lero akakuona ukusamba m'manja mothamanga amakubweza. Nkhani za kwathu sindikonda kuzitulutsa pantchito, koma usiku umenewo mtima unali utadzaza. Ndinawapatsa foni.

Anavala magalasi, nayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Felemu yokongola," anatero. "Mafelemu amagulitsa paliponse. Kulitsa apa ndione nambala."

Ndinakulitsa ndi zala. Pakona ya m'munsi panali zilembo ziwiri, MP, kenako manambala.

Apa ndi pamene anandiphunzitsa zimene ndinayenera kuzidziwa kalekale. Dokotala aliyense m'dziko muno, kaya wobadwira konkuno kaya wochokera kunja, sangagwire wodwala asanalembetse ku bungwe la HPCSA, limene likulu lake lili ku Pretoria ndipo linakhazikika pa lamulo la 1974. Ntchito yake ndi yonga ya Medical Council of Malawi ku Lilongwe. Akalembetsa amapatsidwa nambala, ndipo ya madokotala imayamba ndi MP. Kaundula wake ali poyera pa intaneti, amamutcha iRegister, munthu aliyense akhoza kulembamo dzina kapena nambala osalipira kanthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyamula kaundula ameneyu m'thumba la epuloni, ine osadziwa.

"Koma kupezeka m'kaundula si kumaliza," anapitiriza. "Dokotala ndi dokotala, inde. Koma amene amakulembera mankhwala a chifuwa si amene amakutsegula pamimba." Anawerenga pa zala zawo zopindika zija: zaka zisanu ndi chimodzi ku yunivesite, ziwiri zophunzira ntchito m'chipatala, chimodzi chotumikira boma kumene akutumiza. Pamenepo munthu wangokhala dokotala wamba. Wofuna ukatswiri wokonza thupi amabwereranso kukakhala pansi pa akuluakulu zaka zina zingapo, kusoka anthu opsa ndi moto, ana obadwa ndi milomo yong'ambika, amayi ochotsedwa bere chifukwa cha khansa, mpaka atakhoza mayeso a Colleges of Medicine of South Africa. Akatero kumapeto kwa dzina lake kumabwera zilembo zakuti FC Plast Surg, ndipo kaundula amalemba poyera kuti ndi katswiri wa Plastic and Reconstructive Surgery. Akatswiriwo alinso ndi bungwe lawo, APRASSA, lokhala ndi mndandanda wa mamembala.

"Nanga akamati cosmetic surgeon, monga alembera pa Instagram?"

Agogo anafwenthera pambali. "Amenewo ndi mawu a pa chikwangwani. Kaundula sawadziwa."

Ndinafunsa ngati opaleshoniyo ndi yoopsadi, kapena ndi mantha anga a munthu wakumudzi. Sanandinyengerere. Anati m'matako muli mitsempha ikuluikulu yobweza magazi kumtima. Mafuta akabayidwa pansi pa khungu pokha, thupi limawalandira. Koma chitsulo chobayira chikalowa kwambiri n'kufika mumnofu, mafuta akhoza kulowa mumtsempha, n'kuyenda ndi magazi mpaka kukatseka m'mapapo, ndipo munthu amatha ali pabedi pomwepo. Madokotala a ku America atawerengera mu 2017 anapeza kuti pa anthu pafupifupi 3,000 ochitidwa BBL, mmodzi ankamwalira, chiwerengero chimene chinaopsa ngakhale akatswiri eni ake mpaka anasintha kabayidwe. Anakumbukanso Stella Obasanjo, mkazi wa amene anali pulezidenti wa Nigeria nthawi imeneyo, amene anamwalira mu 2005 ku Spain atapita kukapopetsa mafuta a pamimba, ndipo khoti linadzapeza dokotala wake wolakwa.

"Ameneyo anali ndi ndalama, ndege ndi asilikali," anatero. "Mng'ono wako ali ndi iwe."

Tinatsegula kaundula pa tabuleti yawo. Manja anga ankanjenjemera moti nambala ndinailemba kawiri. M'mutu munkangobwera nkhope ya Matthew Lani, mnyamata uja tonse tinkamuonera pa TikTok atakoleka chopimira pakhosi, akulangiza anthu za mankhwala. Mzime ankamukonda kwabasi. Mu October 2023 alonda anamugwira pa chipatala cha Helen Joseph, yunivesite ya Wits itakana kuti sinamuphunzitse udokotala, a HPCSA nawo atanena kuti m'kaundula mulibe. Ndinkayembekezera zomwezo: tsamba loyera lopanda dzina.

Dzina linatuluka.

Linali lomwelo la pa chikalata, chilembo ndi chilembo. Kulembetsa kwake kunali kwamoyo, sanaimitsidwe, sanafufutidwe. Pansi pake panalembedwa ukatswiri uja agogo anatchula. Ndinakhala pansi pakapeti n'kuseka ndekha, misozi ili m'maso. Ndinayamba kale kukonza mawu opepesa kwa Mzime. Ndinadziona ngati mfiti, munthu wokayikira mwana wa mnzake amene anavutika ndi sukulu zaka khumi ndi zingapo.

Agogo sanaseke. Anali atayandikitsa tabuleti pamphuno.

"Dzina ili ndikulidziwa," anatero pang'onopang'ono. "Ndinamupatsirapo zipangizo ku fiyeta ali wophunzira. Wamfupi, wamanyazi, dazi linamuyamba akadali mnyamata. Ankaimba mluzu posoka, ine n'kumamukalipira. Anasamukira ku Durban kalekale. Pano ayenera kuti anapitirira zaka 60." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Wa mng'ono wakoyo ndi wooneka bwanji?"

Ndinatsegula Instagram. Mnyamata wamtali, ndevu zometedwa bwino m'mbali, wotchi yonyezimira, mano oyera ngati a pa chikwangwani cha mankhwala otsukira mkamwa. Akachuluka zaka 35.

Ndinabwerera ku chithunzi cha chikalata chija n'kukulitsanso, ulendo uno pa deti. Chaka chake chinali cha m'ma 1990. Nthawi imene chikalatacho chinkasainidwa, mnyamata wa wotchiyu n'kuti akuyamwa chala.

Ndinamuimbira Mzime pomwepo, ndili pakhonde kuti agogo asamve Chichewa chaukali. Anayankha monong'ona, alamu anali m'nyumba.

"Asisi, mwayambanso?"

"Iwe, tamvera. Dzina lija ndi la munthu wina. Mwini wake ndi mdala wa ku Durban."

"Mwina ndi bambo ake. Mwina ndi mayina ofanana. Kodi a Banda alipo angati ku Malawi?"

"Nambala siifanana, Mzime. Nambala ndi ya munthu mmodzi. Unamufunsa kuti opaleshoniyo akakuchitira chipatala chiti? Wokugonetsa ndani, dzina lake ndani? Magazi akakana kuleka, akuthamangitsira kuti? Anakuyeza magazi n'komwe?"

Anakhala chete. Kenako anayankhula ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iye, otsika, ouma.

"Inu mukuona ngati n'zophweka. Munthu wavala gauni loyera, ofesi ili ku Sandton, pansi ponyezimira moti ndinachita manyazi ndi nsapato zanga. Ine woluka tsitsi wa ku Turffontein ndiyambe kumufunsa mapepala? Ine mwini wanga mapepala ndilibe, asisi. Masiku 30 anga aja anatha liti? Chithunzi chomwecho ndinachita kuba iye atatuluka."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndi oona. Tinaleredwa kuti dokotala safunsidwa. Kuchipatala kwathu umalowa chogwada mumtima, akakulembera umalandira ndi manja awiri, ngakhale dzina la matenda ako sufunsa kuopa kuoneka wamwano. Mwambi woti safunsa anadya phula timauloweza kusukulu n'kuusiya komweko. Tsono onjezani kukhala mlendo m'dziko la eni, wopanda chitupa, amene akaona galimoto ya polisi amakhotera kanjira kena. Munthu wotere akapwetekedwa sakadandaula kulikonse. Ndinazindikira pakhonde pomwepo chifukwa chake makasitomala a mnyamata uja, amene Mzime ankandionetsa monyadira, anali a ku Zimbabwe, a ku Congo, a kwathu. Sanawapeze mwangozi. Anachita kuwasankha.

"Ndalamazo tidzazipeza zina," ndinatero. "Ndikupatsa zanga za mwezi uno. Tikafunse kwa katswiri weniweni, ngakhale tidikire zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri! Inu mulibe mwamuna woti azikusekani pagulu, ndiye mungadikire." Anapumira m'mwamba. Ndikudziwa kuti anamva yekha kuti waponda pachilonda, koma mzime sabweza mawu. "Kuyambira kale simufuna kuti ine ndioneke bwino. Gonani, asisi."

Foni inaduka. Ndinaimbanso kanayi, osayankha. Ndinadzitonthoza kuti lero ndi Lachitatu, Loweruka lili kutali, Lachisanu ndikapempha tchuthi ndikamugwire dzanja maso ndi maso. Tulo sitinabwere. Ndinamva mawotchi onse a m'nyumba ya agogo akuwerenga usiku.

M'mawa, nthawi itangokwana 8 koloko, agogo anandiuza kuti ndiimbe ku ofesi ya dokotala weniweni uja. Nambala tinaipeza pa mndandanda wa akatswiri, osati pa Instagram. Anayankha mayi wa mawu odekha. Nditafotokoza, kudekha kuja kunatha.

"Adokotala alibe nthambi ku Johannesburg," anatero. "Sanakhalepo nayo. Mayi, si inu oyamba kutiimbira za munthu ameneyu. Tinakadandaula kale ku bungwe ndi kupolisi, koma akuti amasinthasintha malo. M'bale wanuyo asapite. Mwamva? Asamwe kanthu kalikonse kamene amupatse, asasaine kanthu."

Ndinathokoza, n'kuimbira Mzime. Foni inali yozimitsa.

Mzime sazimitsa foni. Amagona nayo, amasamba ili pawindo, makasitomala ake onse amabwera kudzera mmenemo. Ndinaimbira alamu.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Kodi amake ana ali pafupi?"

"Tadzuka, kaya inu alamu. Aaa, anzanuwo analawira mdima, akuti kuli mkwatibwi wofuna kulukidwa. Ngakhale tiyi sanamwe. Dzulonso nsima anangoiyang'ana." Anaseka. "Mwina ayamba kudziletsa, tione ngati mimba ija ingabwerere."

Ndinaluma lilime. Tsiku lina ndidzawayankha bambo amenewa, koma silinali tsiku limenelo. Sanamwe tiyi. Sanadye usiku. Ndakhala ndi namwino wa ku fiyeta zaka zinayi, ndikudziwa chifukwa chimene munthu amasalira chakudya kuyambira pakati pa usiku.

Ku saluni anayankha mnzake wa ku Mangochi amene amalukira naye limodzi. Poyamba anazemba, akuti sakudziwa, akuti mwina ali m'njira. Nditamuuza kuti chikachitika chilichonse ndidzamutengera iyeyo kwa amayi ku Ntcheu kuti akafotokoze yekha, anayamba kulira.

"Anandilumbiritsa, asisi. Adokotala anaimba dzulo masana, akuti wina wasintha maganizo ndiye malo apezeka lero, akabwera lero amuchotserako R3,000. Loweruka lija anangokunamizani kuti musamuletse."

Dzulo masana. Ndiye kuti pamene ankanditumizira chithunzi cha chikalata, pamene tinkakangana pafoni, n'kuti chikwama atalongedza kale.

"Ku Sandton?"

"Ayi. Kuja ndi kongoonanirana. Malo a opaleshoni amatumiza m'mawa wa tsiku lomwelo. Ndi ku Midrand. Galimoto ndinamuitanira ndine pa foni yanga, adilesi ndili nayo."

"Ananyamuka nthawi yanji?"

"Isanakwane 6."

Ndinayang'ana wotchi ya kukhitchini. Inali 8:40.

Agogo anali atamva zonse ngakhale Chichewa sadziwa. Anali atatsegula kale kachikwama kawo. Anandipanikiza ndalama m'manja, n'kundigwira pamkono ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti adakali nayo.

"Ine ndikhala, sindifa lero. Tenga galimoto mpaka ku Rosebank, ukakwere Gautrain, msewu wa M1 nthawi ino ndi wodzaza. Ukafika usakakambe zambiri. Ngati sanamugoneke, mutulutse ngakhale ali chivulire. Ngati amugoneka kale, imba 112, unene kuti munthu ali pa mankhwala ogonetsa m'nyumba yopanda dokotala. Ambulansi iyambe, apolisi pambuyo."

"Agogo, apolisi akabwera amutenga iyeyo. Mapepala ake..."

"Wamoyo ku Lindela amabwerako," anatero. Lindela ndi kumene amasungira alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, dzina limene ife timalitchula monong'ona. Sanamalize mbali inayo ya chiganizo, ndipo sindinafune kuti amalize.

Za ulendowo ndikukumbuka zochepa. Sitima inathamanga monga imathamangira, koma kwa ine inkakwawa. Pa Sandton panakwera atsikana awiri akuseka, akuonetsana zithunzi pafoni. Pa Marlboro ndinapemphera, pemphero losalongosoka, longobwereza dzina limodzi. Ndinaimba foni ya Mzime kakhumi ndi kawiri.

Adilesi inandifikitsa pa msewu wachete wa mitengo ya jakaranda, kumene agalu amauwa kuseri kwa mipanda koma munthu osamuona. Sipanali chipatala. Panalibe chikwangwani, panalibe mtanda wofiira, panalibe ngakhale malo oimikapo ambulansi. Inali nyumba wamba yokhalamo anthu, mpanda wautali, mawaya amagetsi pamwamba, geti lachitsulo lotuwa. Makatani onse anali otseka, dzuwa litakwera kale. Kuseri kunkalira jenereta.

Ndinadina belu. Kachiwiri. Kachitatu ndinasiya chala pomwepo.

"Ndani?" Anali mawu a mkazi, m'kabokosi ka pageti.

Ndinatchula dzina la Mzime, lenileni la pa pasipoti. Ndinati ndine mkulu wake, ndabwera ndi mankhwala ake amene waiwala. Bodza limenelo linangobwera lokha.

Kunali zii kwa kanthawi. Ndinamva ngati wina akuyankhula chapatali, mofulumira, kenako chinthu chachitsulo chinagwa pansi n'kugubuduka.

"Kuno kulibe munthu ameneyo. Mwasokera."

Kabokosi kanazima. Ndinagwada n'kusuzumira pampata wa pansi pa geti. Ndinaona matayala a galimoto yakuda, yoimikidwa chobwerera, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Ndinaona masitepe atatu okwera pakhonde. Pa sitepe yachiwiri panali nsapato zofiira zafulati, zoikidwa bwinobwino moyandikizana, monga tinaphunzitsidwira kwathu kuti m'nyumba ya eni sulowa ndi fumbi. Ndinazigula ndine pa Khirisimasi.

Ndinadzuka n'kuyamba kumenya geti ndi manja onse awiri, ndikufuula dzina lake, la kwathu lija, mpaka agalu a msewu wonse anayankha. Kenako ndinakumbukira mawu a agogo. Ndinatulutsa foni, ndinadina 1, ndinadinanso 1.

Ndisanadine 2, foni inalira m'manja mwanga. Pagalasi panatuluka nkhope ya Mzime akuseka, chithunzi cha pa tsiku la ubatizo wa mwana wake.

"Mzime! Tuluka msanga, ndili pageti!"

Amene anayankha sanali Mzime. Anali mwamuna, akupuma mothamanga ngati wakwera phiri, ndipo kumbuyo kwake kamakina kena kankalira mosalekeza.

"Ndinu mkulu wake?" anafunsa m'Chingerezi. "Musaimbire munthu aliyense. Ndiuzeni msanga, magazi ake ndi a gulu lanji?"